Nkhondo ya ng'ombe zadothi

Masewera a Warhammer, a kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, adayamba mu 1983, ndipo mpaka lero abambo a ndevu zawo amachezera kupaka utoto kachipewa ka msilikali wachidole wochepa ngati chala. Ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, luso lotereli ndi la anyamata abusa. Dothi amakumba kudambo n'kuumba nkhunzi ya linunda lalikulu ndi nyanga zosongoka. Miyendo saisamala kwenikweni. Nkhunziyo ikauma amaiika mawanga a phulusa, makala ndi katondo. Pankhondo amagundanitsa mitu, yothyoka nyanga yagonja. Malamulo ake salembedwa, choncho mbusa wamkulu thupi sagonja kawirikawiri. Nthawi yonseyi ng'ombe zenizeni zimakhala zili m'chimanga cha eni.