Ulemu Woyenera Dzimbiri pa Ntchito Yokonza Magalimoto Akale ku Milange

Pa onse amene amatengapo mbali pa ntchito yodzutsa galimoto yakale pabwalo la pakhomo m'boma la Milange ku Mozambique, kuyambira mwini galimotoyo, mmisiri wowotcherera, wopopera penti, mpaka ana amene amatumidwa kukatunga madzi otsukira sandipepa, pali wantchito mmodzi amene amafika m'mawa kuposa onse, saweruka ngakhale usiku, ndipo sanalandirepo malipiro kapena mawu othokoza. Wantchito ameneyu ndi dzimbiri. Akatswiri a sayansi amalongosola kuti dzimbiri ndi chinthu chofiirira chimene chimabadwa chitsulo chikakumana ndi madzi pamodzi ndi okosijeni, umene uli mbali ya mpweya umene anthu amapuma, ndipo kulongosola kumeneku n'koona ngakhale kuti n'kouma, chifukwa sikutchula khama, chilungamo ndi nzeru zimene dzimbiri limaonetsa pa ntchito yake.

Choyamba chimene anthu olinyoza amaiwala n'chakuti dzimbiri silibera aliyense, koma limabwezera mwini wake zimene zinatengedwa. Chitsulo sichipezeka m'nthaka chili chonyezimira. Chimapezeka ngati mwala wofiira kapena wakuda umene uli wosakanikirana kale ndi okosijeni, ndipo chimasiyana ndi okosijeniyo pokhapokha chikaikidwa pa moto waukulu, monga momwe Amaravi ankachitira m'ng'anjo zawo zadothi pamene ankasula makasu amene ankagulitsidwa kutali m'chigwa cha Zambezi. Mafakitale amakono osungunula chitsulo anangokulitsa ng'anjo yomweyo. Choncho chitseko cha galimoto chikayamba kufiira m'munsi, chimene chikuchitika n'chakuti chitsulo chayamba ulendo wobwerera ku chikhalidwe chimene chinali nacho chisanasokonezedwe, ndipo dzimbiri ndilo limachiperekeza mosatopa. Pa ulendowu lili ndi luso limene adani ake sangalikane: popeza limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene linachokerako, limatupa, kusweka ndi kuyoyoka, motero limatsegulira madzi njira yofikira chitsulo chatsopano chimene chili pansi pake, kuti ntchito ya mawa ipezeke itakonzedwa kale lero.

Ndi malo ochepa m'chigawo chino cha Africa amene amalandira dzimbiri mwaulemu monga Milange. Tauniyi ili m'munsi mwa phiri la Tumbine, moyang'anana ndi Muloza ku mbali ya Malawi, ndipo phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, limaimitsa mitambo yochokera ku nyanja ya mchere ya India n'kuikakamiza kukhuthula madzi ake pomwepo. Kumadera ena dzimbiri limapumula mvula ikatha mu Epulo, koma kuno silidziwa tchuthi, chifukwa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, nyengo ya nkhungu ndi mvula yowaza imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone, la mamita 2,054, limene lili m'boma lomweli la Milange. Mvula yamkuntho imatsuka galimoto n'kupita, koma chiperoni chimanyowetsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, kulowa m'mphepete mwa magalasi ndi m'mipata ya zitseko, ndipo ndicho chakudya chimene dzimbiri limakonda koposa. Msewu wa N11 wopita ku Mocuba, wa makilomita pafupifupi 190, usanaikidwe phula ndi thandizo la European Union, unkaperekanso msonkho wake wa matope ofiira amene ankadzaza m'madigadi ndi m'kati mwa chasisi, ndiko kuti mafupa achitsulo amene thupi la galimoto limakhalapo, n'kusunga chinyezi kwa miyezi yambiri. Amalonda nawonso sanaumire: feteleza wotayikira m'bodi, mchere ndi nsomba zouma zochokera kunyanja kwa Quelimane zonse zimafulumizitsa ntchitoyi, chifukwa madzi osungunukiramo mchere amadutsitsa mphamvu ya magetsi mosavuta, ndipo kudyeka kwa chitsulo kumayenda ndi mphamvu yomweyo.

Mbiri ya bomali imasonyezanso kuti dzimbiri ndi mlonda wokhulupirika. M'nthawi ya Apwitikizi, pamene makampani monga Sociedade Chá Oriental ankalima tiyi m'mphepete mwa Tumbine, magalimoto ankabwera kudzatumikira minda, mamishoni ndi maofesi a boma. Nkhondo yapachiweniweni itafika, gulu la Renamo, limene linkamenyana ndi boma, linalanda tauni ya Milange mu 1986, boma n'kuilandanso mu 1988, ndipo anthu zikwizikwi anawolokera ku Malawi atasenza zimene mutu ndi njinga zikanatha kunyamula. Galimoto yopanda mafuta kapena matayala siinali m'gulu la katundu wotero. Inatsala pomwe inaima, ndipo kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, panalibe woisamalira wina koma dzimbiri, limene silinathawe, silinafunse kuti akulamulira ndani sabata imeneyo, ndipo linagwira ntchito mofanana pa galimoto ya boma, ya mishoni ndi ya wamalonda. Kusakondera kumeneku likupitirizabe nako pa chipata cha malire, pamene limadutsa tsiku ndi tsiku popanda pasipoti, osasintha meticais kukhala makwacha, ndipo palibe wa kasitomu amene analilipiritsapo.

Palinso ubwino wina umene sutchulidwa kawirikawiri. Magalimoto amene lero akutchedwa akale a mtengo wapatali, monga Land Rover ya mtundu wa Series, Peugeot 404 imene inayamba kupangidwa mu 1960 ndipo ku Kenya inapitirira mpaka 1991, Peugeot 504 ya 1968, kapena Toyota Land Cruiser ya mtundu wa 40, akanakhala osachita dzimbiri bwenzi ali m'manja mwa anthu olemera okhaokha. Dzimbiri ndilo limatsitsa mtengo mpaka mphunzitsi wopuma pantchito kapena mlimi amene wagulitsa bwino nandolo athe kugula chigoba chake, kuchikokera kunyumba ndi thirakitala, n'kuchikhazika pa njerwa pansi pa mtengo wa mango. Palibe lamulo la boma lililonse limene linagawa magalimoto otchuka kwa anthu wamba mwachangu chotere.

Nzeru za dzimbiri zimaonekera bwino pa Land Rover. Pamene galimotoyi inkatuluka koyamba mu 1948, chitsulo chinali chosowa ku Britain chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, motero thupi lake linapangidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi maginiziyamu, wotchedwa Birmabright, amene sachita dzimbiri lofiira. Eni ake ambiri amayenda monyada poganiza kuti anagula galimoto imene dzimbiri silingaikhudze, ndipo dzimbiri, mwa kufatsa kwake, silitsutsana nawo. Limangolowa pansi n'kudya chasisi ndi khoma lachitsulo limene limalekanitsa injini ndi mapazi a woyendetsa. Kuwonjezera apo, paliponse pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo pali chinyezi, zitsulo ziwirizo zimasanduka ngati batire laling'ono, ndipo aluminiyamuyo ndiye amadyeka n'kusanduka ufa woyera, makamaka m'munsi mwa zitseko ndi mozungulira mabawuti. Wokonza wanzeru amaphunzira kulekanitsa zitsulo ziwirizi ndi penti kapena kachidutswa ka labala, ndipo phunziro limeneli salipeza kwa wina aliyense koma kwa ufa woyera womwewo, umene ndi mbale wa dzimbiri.

Uphunzitsi ndiwo udindo wake waukulu. Munthu amene wayamba kukonza thupi la galimoto pakhomo amayamba ndi kubaya malo okayikitsa ndi sikuludiraiva, ndipo kabowo kamene kamaoneka ngati ka ndalama yachitsulo kamakula mpaka chikhatho chonse chitalowa. Apa dzimbiri limaika lamulo lake loyamba, lakuti chitsulo chodyekacho chidulidwe mpaka pamene paoneke chitsulo choyera, chifukwa lotsala pang'ono limabereka. Kenaka wokonzayo amajambula bowolo pa katoni, n'kudula chigamba cha kukula komweko kuchokera ku chitseko cha galimoto ina yakufa kapena ku mgolo wakale, poonetsetsa kuti kuchindikala kwake kukufanana ndi kwa thupi la galimoto, kumene nthawi zambiri kumakhala pafupifupi milimita imodzi. Malata a denga, ngakhale ali pafupi, sayenera ntchitoyi, chifukwa zinki amene anakutidwa naye amatulutsa utsi wodwalitsa akawotchedwa. Mmisiri wowongola magalimoto, amene ku mbali ya Mozambique amatchedwa bate-chapa, amabwera ndi botolo la okosijeni ndi mtsuko wa kabaidi, mwala wotuwa umene ukathiridwa madzi umatulutsa mpweya woyaka wa asetilini, ndipo asanayatse moto amachotsa thanki ya mafuta, mipando ndi mawaya. Sawotcherera mzere umodzi wautali, chifukwa chitsulo chopyapyala chikatentha kwambiri chimapindika. Amadontheza apa, n'kudumphira uko, kudikira kuti pazizire, kenaka kumenya ndi nyundo yopepuka atagwiriziza chitsulo cholemera kuseri kwake. Chigamba cha kukula kwa chikhatho chingadye masana onse. Makolo amavutika zaka zambiri kuphunzitsa ana kudekha, koma dzimbiri limaphunzitsa bambo wa zaka 50 m'nyengo imodzi ya chilimwe, ndipo sililipiritsa fizi ina kupatula khungu la m'zala.

Ulemu wa dzimbiri umakwera kwambiri likayerekezedwa ndi mdani wake wotchuka, fila, phala la pulasitiki losakaniza ndi ufa wa mwala wofewa, limene limauma m'mphindi zochepa likasakanizidwa ndi mankhwala olimbitsa. Phalali, limene linafala kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1950 n'kulowa m'malo mwa mtovu umene amisiri akale ankasungunulira pa mabala a galimoto, linapangidwira kusalaza tizigwa ting'onoting'ono, ndipo likapakidwa mopyapyala pa chitsulo choyera, n'kukhulidwa ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 80, kenaka 180, kenaka 320, limagwira ntchito yabwino. Koma m'manja mwa munthu wofulumira kugulitsa limasanduka mboni yonama. Bowo limatsekedwa ndi nyuzipepala kapena waya wa sefa, fila n'kumatidwa mochindikala ngati chala, penti yonyezimira n'kupoperedwa pamwamba, ndipo galimotoyo imaima pamsika ili chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula wochenjera amayendetsa maginito pa thupi lonse n'kuona pamene akukana kumata, ngakhale kuti pa aluminiyamu wa Land Rover njira imeneyi siithandiza. Wogula wosachenjera ali ndi mtetezi mmodzi yekha. Fila amamwa madzi, dzimbiri limapitiriza ntchito yake kuseri, ndipo chiperoni chimodzi kapena ziwiri zikadutsa pentiyo imatuluka matuza ndendende pamalo pamene panabisidwa chinyengo. Pa anthu onse amene anakhudza galimotoyo, dzimbiri lokha ndilo silingapatsidwe chiphuphu kuti likhale chete.

Ngakhale amene amalimbana nalo amadalira banja lake. Mankhwala a asidi wa fosiforiki amene amapakidwa pa chitsulo chokhulidwa sathamangitsa dzimbiri, koma amalisandutsa chikopa chakuda cholimba chimene penti imagwirapo. Penti yofiira yoyambira, imene imapakidwa pansi pa penti yeniyeni, imatenga mtundu wake ku ufa wa chitsulo chosakanikirana ndi okosijeni, ndiko kunena kuti mwini galimoto amapereka ndalama m'sitolo kugula dzimbiri la m'chitini kuti limuteteze ku dzimbiri laulere. Amene alibe ndalamazo amapopera oilo wakutha m'kati mwa chasisi, njira imene imathandizadi, ngakhale imadetsa bwalo ndi kukwiyitsa mayi wa pakhomo amene amasesa.

Milandu imene dzimbiri limaimbidwa iyenera kumvedwa mwachilungamo. Bungwe la akatswiri la NACE International linayerekeza mu 2016 kuti kudyeka kwa zitsulo kumawonongetsa dziko lonse ndalama zokwana madola 2.5 thiriliyoni pa chaka, koma ndalama imene wina amaitcha yowonongeka ndi yomweyo imene imagula ufa kunyumba kwa wowotcherera, wogulitsa penti, wosula mbaula ndi mnyamata wogula zitsulo zakutha pa sikelo. Mlandu wachiwiri, wakuti msomali wadzimbiri umayambitsa kafumbata, ndi wabodza, chifukwa matendawa amabwera ndi kachilombo kotchedwa Clostridium tetani kamene kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo dzimbiri limangopezeka pamalo a ngozi chifukwa nalonso limakhala panja. Wokonza galimoto akadzicheka ayenera kutsuka bala n'kupita kuchipatala kukafunsa za katemera, kaya chitsulocho chinali chofiira kapena chonyezimira.

Mlandu wachitatu ndi wovuta kuuyankha, ndipo woteteza dzimbiri aliyense woona mtima amauvomereza. Kusakondera kwake kumafika ngakhale pa timapaipi tachitsulo timene timanyamula mafuta a mabuleki, pa zogwirira masipuling'i ndi pamalo pamene bokosi la chiwongolero limamangidwira ku chasisi, ndipo malo amenewa saoneka kwa alendo obwera kudzasirira penti yatsopano. N'chifukwa chake amisiri odziwa ntchito amalangiza mwini galimoto kuti ayambe wagona chagada pansi pake ndi tochi ndi nyundo, kugogoda chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo ndi kumvetsera pamene ikulira mogonthera, kusintha mapaipi onse a mabuleki, ndipo ndalama za penti aziganizire zimenezi zikatha, galimotoyo isanayesedwe pa ulendo wa ku Mocuba itanyamula banja ndi matumba a chimanga.