Kupala Moto wa Intaneti

M'tauni muno mwabuka mtundu watsopano wa anthu opemphetsa. Sakhala pakhonde la sitolo ndipo satambasula dzanja. Amavala jekete ndi nsapato zopolisha, m'khwapa atapanira tabuleti. Akalowa m'nyumba mwanu moni amapereka wonse, kufunsa za ana, kufunsa za odwala akumudzi, kenako amatsitsa mawu: "Alamu, tangondiyatsirani pang'ono, ndingoona kameseji kamodzi."

Nkhani imayambira ku Joni. Mbale akafuna kutumiza mphatso yoti anthu aione, amalowa m'sitolo ku Johannesburg n'kupeza matabuleti awiri ofanana nkhope koma osiyana mtengo. Ina ili ndi polowetsa SIM, inayo imadalira Wi-Fi basi. Iye amatola yotchipayo, poti kumene amagwira ntchito Wi-Fi ndi ya bwana ndipo siitha. Katundu amakwera basi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, mpaka kufika ku Ndirande. Tsiku loyamba banja lonse limaitembenuza uku ndi uku kufunafuna pobisika SIM. Mwana wa fomu 2, amene pakhomopo ndiye katswiri, amabwera ndi singano n'kubaya kabowo ka maikolofoni. M'mawa mwake bambo amainyamula kupita nayo kwa anyamata okonza mafoni ku Limbe, amene amangoiponyera diso limodzi n'kunena kuti, "Madala, iyi siilowa SIM." Bambo amabwerera ali ndi chipangizo chodula kuposa njinga, koma chosatha kulandira ngakhale moni popanda chifundo cha mnansi.

Kale moto ukazima, mayi ankatuma mwana ndi phale kukapala kwa anansi, ndipo panalibe wodandaula, chifukwa khala limodzi silichepetsa moto wa mwini. Hotspot ndi kupala moto komweko, kungoti wopalayo amachoka ndi nkhuni zonse. Tabuleti ikalumikizidwa ku foni yanu, nthawi zambiri imaona ngati yapeza Wi-Fi yaulere, ndiye imayamba ntchito zonse zimene yakhala ikusungira tsiku labwino. Imatsitsa zatsopano za mapulogalamu onse, imakweza zithunzi za chinkhoswe cha chaka chatha, imakoka mavidiyo onse a pagulu la WhatsApp la kwaya. Mwini wake akuwerengadi kameseji kamodzi, nkhope ili yosalakwa, pamene 1GB imene munaiwerengera sabata yonse ikutha asanamalize kapu ya tiyi. Tiyiyo ndi wanunso.

Kukana sitidziwa, ndiye tinaphunzira kuzemba. "Netiweki ikuvuta lero," amatero munthu atagwira foni imene ikuonetsa 4G mizere yonse. Wina amalumbira kuti anagula bandulo ya WhatsApp yokhayokha, ndipo pakati pa mwezi angakhale akunena zoona. Olimba mtima amasintha dzina la hotspot n'kulemba kuti Gulani Yanu, kuti uthenga ufike popanda kuyang'anana m'maso. Aulemu amati, "Bweretsani ndikulembereni ndekha," poganiza kuti abisa pasiwedi. Awa ndimawamvera chisoni, chifukwa tabuleti siiwala. Ikangolawa kamodzi, imalumikiza yokha nthawi iliyonse ikafika pafupi ndi foni yanu ili chiyatsire. Mukaona alamu ataima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mpanda wanu, akuchita ngati akudikira munthu, dziwani kuti afika kale m'nyumba ngakhale sanaodire.

Kuwolowa manja kulipo ndithu, koma kumabwera madzulo a tsiku limene bandulo ikutha nthawi. Munthu amene sabata yonse wakhala akuzimitsa data akangowerenga meseji amazindikira 10 koloko usiku kuti wasunga zambiri zoti zifa m'maola ochepa. Pamenepo amagogoda kwa anansi: "Achimwene, mulibe choti mutsitse?" Zikatsalabe amakhala yekha pamphasa kuonera mmene amawetera ngamira, bola kampani isapeze phindu pa iye. Palinso a mabandulo a usiku, amene amatchera alamu pakati pa usiku kuti atsitse filimu motchipa. Alandilodi akaona kuwala kobiriwira pawindo nthawi yoteroyo amayamba kufufuza kuti alendi awowa amapemphera mpingo uti.

Amene tabuleti yawo imalowa SIM amayenda mosiyana. Anaima pamzere ndi chiphaso cha unzika, monga zakhalira kuchokera mu 2018, n'kulembetsa manambala awiri, ya 088 ya TNM ndi ya 099 ya Airtel, kuti wina akagona asinthire kwa mnzake. Vuto lawo n'kuyankha foni mu minibasi. Chipangizo chimaphimba nkhope yonse, ngodya yake ili m'khutu mwa mayi wokhala pambali, mpaka kondakitala amafunsa ngati katunduyo walipira mpando. A MiFi ndiye ndi mafumu a mu ofesi. Kabokosi kawo kogawa Wi-Fi kali m'thumba la malaya, ndipo mwini wake akanyamuka kupita kokadzithandiza, ntchito za anthu anayi zimaima mpaka abwerere. Akachedwa amamutumira mthenga.

Kuchokera mu 2023, pamene Starlink inafika m'dziko muno, madenga ena ayamba kumera kambale koyera koyang'ana kumwamba. Nyumba yotere imapeza abale msanga. Ana a m'dera lonse amakonda mthunzi wa mpanda wake ngakhale kuli mitambo, ndipo anthu amene zaka zonsezi ankangodutsa amayamba kufunsa ngati chifuwa cha bambo chinapola. Bamboyo akatopa n'kusintha pasiwedi, Loweruka m'mawa amalandira nthumwi zitatu, zitavala bwino, matabuleti ali pamiyendo. Wamkulu amakhosomola, kuwomba m'manja pang'ono, n'kuyamba: "Bambo, ife sitinabwere moipa. Tangoona kuti kuyambira Lachitatu zinthu zasintha popanda kutidziwitsa. Ndiye tati tidzamve kwa inu nomwe, kodi tinakulakwirani chiyani?"