Level 5 ku Nagoya

Ndisanakwere ndege yopita ku Japan ndinali nditauza kale aliyense, ofuna kumva ndi osafuna omwe, kuti za tsabola asandiphunzitse. Ndinakulira pa kambuzi ine, ndipo kwathu botolo la Nali limatha sabata isanathe. Choncho mnzanga wina wa pamaphunziro ku Nagoya atandilozera lesitilanti ya curry, imodzi mwa zija zili ndi nthambi zoposa 1,000 m'dzikomo, ndinakana kuti andiperekeze. Ndinalowa ndekha, chifuwa chili patsogolo.

Manyazi anayambira pakhomo. Antchito onse anafuula "Irasshaimase!" ndipo ine, mwana woleredwa bwino, ndinaima n'kuweramira aliyense payekhapayekha uku ndikubweza mawu omwewo mokweza, osadziwa kuti moni ameneyu ndi wolandirira makasitomala ndipo sayankhidwa, kotero ndinangowalandira eniake m'nyumba mwawo. Nditakhala pansi ndinadikira woperekera zakudya, ndinakweza dzanja, ndinatsokomola, ndinakwezanso dzanja mpaka phewa linatopa, kufikira kamnyamata ka yunifomu ya sukulu kanatambasula mkono kuchokera patebulo lake n'kundidinira batani loitanira lomwe nthawi yonseyi linali pafupi ndi chigongono changa.

Pamalo amenewa mbale umaipanga wekha. Umasankha msuzi wa nkhumba kapena wa ng'ombe, kuchuluka kwa mpunga, kuwawa kwa tsabola pa manambala, kenako zoika pamwamba monga tchizi, sipinachi, mabilinganya kapena katsu, nyama yankhumba yokazinga itakutidwa ndi nyenyeswa za buledi. Mbale wamba imakhala ndi magalamu 300 a mpunga. Ine, poona kuti mpunga ndi chakudya chongonyenga mimba kwa munthu wa nsima, ndinaloza 600. Pa tsabola ndinaloza 10. Mtsikana woperekera zakudya anandifotokozera mwaulemu, ndi Chingelezi chochepa ndi zala zambiri, kuti manambala opitirira 5 ndi a anthu amene anamalizapo mbale ya 5. Ndinaseka kaseko ka munthu wonyozedwa. "OK, five. No problem."

Chakudya chinabwera ndi supuni. Ndinaikankhira pambali n'kupempha timitengo, pakuti si pachabe pamene ndinkakhala usiku ndikutola nyemba ndi mapensulo awiri ndikuonera YouTube, ana akundiseka. Tsono curry ya ku Japan ndi msuzi wabulauni, wokhuthala ngati phala la mgaiwa, umene unalowa m'dzikomo nthawi ya Meiji, pakati pa 1868 ndi 1912, kudzera mwa Angelezi amene anautengera ku India, ndipo mpaka lero asilikali apamadzi a ku Japan amadya curry Lachisanu lililonse. Ndi supuni. Aliyense m'lesitilantimo ankadya ndi supuni, kupatula bambo mmodzi wa taye amene ankavundula msuzi ndi timitengo, mpunga ukugwera pamiyendo, chidutswa cha katsu chikuterereka n'kugwera pamalaya oyera n'kusiya mzere kuyambira pa batani lachiwiri mpaka pa lamba.

Nditagonja n'kutola supuni ija mwakabisira, kulawa koyamba kunandipatsa mwano. Kunali kutsekemera. Ndinatsegula kabotolo ka patebulo ka tizinthu tofiira, n'kuthira mulu wonse ndikuyesa tsabola woonjezera, pomwe ndi fukujinzuke, masamba odulidwa tizidutswa n'kuviikidwa m'madzi otsekemera, ndipo ndili mkati modabwa kuti tsabola wanji wa shuga ameneyu, moto weniweni unafika. Kambuzi amaluma pamlomo n'kukuchenjeza. Uyu amadikira kuti umeze masupuni angapo, kenako amayambira kukhosi, kukwera m'mphuno, kutulukira m'makutu. Kansalu konyowa kopukutira m'manja ndinapukutira nkhope, khosi, dazi, ndipo pepani, mphuno. Jagi ya madzi oundana ndinaikhuthula ndekha, chitsokomolo n'kundigwira, misozi ikuyenderera, kamnyamata kaja kakuyang'ana mbale yake molimbika kwambiri moti ndinadziwa kuti kakuona zonse.

Mpunga unali usanafike ndi theka lomwe. Kusiya mpunga m'mbale kumeneko sikuoneka bwino, zimenezo zokha ndinkazidziwa, ndiye ndinamasula lamba n'kulimbana nawo wouma, ndikuzemba mbali ya msuzi, mpaka nsagwada zinakana.

Pofuna kuwombola kaulemu kotsala ndinasiya ndalama zachitsulo patebulo ngati tip, ndinalipira pakauntala n'kutuluka mofulumira. Ku Japan sapereka tip. Ndisanafike pa maloboti ndinamva mapazi kumbuyo, ndipo anali mtsikana uja, akuthamanga ndi epuloni yake, m'dzanja limodzi muli ma yen anga onse, m'dzanja lina foni yanga imene ndinaiwala pansi pa kansalu kaja. Anawerama. Ndinafuna kuthokoza koma milomo inali itatupa, ndiye chimene chinatuluka chinali chidikhwidikhwi, anthu onse odikira kuwoloka msewu akumva.