Mwana wa Mnzako Ngwako Yemwe, Makamaka Thobwa Likapsa

Makolo athu, amene sadapondeko pa sukulu ya unamwino koma adalera mibadwo imene yadzaza dziko lino, adatisiyira mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ndipo ine, poona mmene ife adzukulu awo tikuusungira, ndichitira umboni kuti sitidautaye ayi, koma tidangoudula pakati, mbali ya kudya n'kuisunga ndi ulemu wonse, mbali ya manja n'kuitumiza kumudzi kwa agogo.

Taonani zochitika mayi akatuluka m'chipatala ndi khanda lake ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Apongozi asanamve n'komwe, chithunzi cha mwana chafika kale pa WhatsApp kwa a kumpingo, a kuntchito, ndi ena amene mayiyo adawaona komaliza ali mu Sitandade 6; ndipo kukacha onsewa afika atatchena, kudzaona mwana wawo, pakuti mwambi udanena kuti ngwawo. Alendo adzaza mipando, mwini chilonda akhala pamkeka. Thobwa limene apongozi adaphika kuti mkaka utsike lithera m'mimba za amuna andevu, amene chibadwire chawo sadayamwitsepo munthu, ndipo pochoka asiya makapu akuda, matewera osachapa ali mulu kuseri, ndi malangizo ochuluka koposa mchenga wa kunyanja.

Za malangizowa ndiyenera kukhalitsapo pang'ono, chifukwa ndiyo mphatso yokhayo imene Mmalawi amapereka osawerengera. Azakhali ati mkaka woyamba wachikasu uja ngwoipa, aufinyire pansi. Amalume, amene kwawo samadziwa ngakhale kumene kumakhala mtsuko, ati mwana akulira ludzu, amumwetse madzi. Mnzake wa kuofesi, atafunsa foni yake, ati anthu otsogola amagula wa m'chitini. Pakati pa aneneri onsewa pali namwino mmodzi wotopa, amene adanena mawu ochepa ndi oona: kuti mwana aikidwe kubere ola loyamba lisanathe, kuti mkaka wachikasuwo ndiwo chitetezo chake choyamba ku matenda, ndi kuti ayamwitsidwe mwakathithi miyezi 6, popanda madzi, phala kapena mankhwala a agogo, kenaka apitirize kuyamwa pamodzi ndi zakudya zina kufikira zaka 2 kapena kupitirira. Koma namwinoyo adatsala kuchipatala, pamene azakhali agona pabalaza mwezi wathunthu.

Nalo lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 lidalowererapo ndi masamu akeake, popatsa mayi tchuthi cha masabata 8, kamodzi pa zaka zitatu. Tsono mmene masabata 8 angakwanire miyezi 6, izo akafotokoze ndi aphunzitsi a masamu. Pamenepa ine ndimalemekeza mwana wamkazi wa Farao, amene atatola Mose m'bango, mwana wa mtundu wachilendo ndi wodedwa, sadakhale pansi n'kuyamba kupereka uphungu, koma adalola kuti aitanidwe mkazi Wachihebri woti amuyamwitse, nam'lipira pa ntchitoyo, osadziwa kuti akulipira mayi wake weniweni wa mwanayo. Olemba anzawo ntchito amene amakonda kukhala kutsogolo m'tchalitchi akadawerengako nkhani imeneyi mofatsa.

Komabe kumene mwambiwu umayesedwa pamoto ndi ku Dzaleka, m'boma la Dowa, malo amene kale adali ndende ya andale, nasanduka msasa wa othawa kwawo m'chaka cha 1994. Adaukonzera anthu osapitirira 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda; ndipo mimba, imene siwerenga zikalata za boma, imakwana miyezi yake kumeneko monga ichitira kwina kulikonse. Mayi wochira ku Dzaleka alibe khamu lomumwera thobwa, ndipo wina angati wapulumuka. Koma alibenso amake om'thira madzi otentha pamsana, pakuti ena adatsala ku Bukavu, ena sadziwika kumene adagwera. Wom'tungira madzi pamzere wa pamjigo ndi mnansi wa dziko lina, amene mwina amamvana naye m'Chiswahili chothyokathyoka, ndipo mnansiyo mwambi wathu sadaumvepo, angouchita. Sitiyenera kudabwa nazo, ife amene cha m'ma 1990 tidasunga abale a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi, ku Nsanje, ku Mwanza, ku Dedza ndi kwina, amayi athu akugawana nawo nkhuni ndi zitenje zoberekera.

Tsono ku Dzaleka kumabwera mlendo wina wachifundo, wa mtima wabwino ndithu, atasenza zitini za mkaka waufa, wojambula zithunzi ali pambuyo pake. Iye adamva kuti mkazi wanjala ndi wankhawa mkaka umamuuma, ndipo palibe adamuuza kuti bere limapanga mkaka monga mwa kuyamwa kwa mwana, kotero kuti mwana akazolowera botolo ndi pamene bere limaumadi. Palibenso adamuuza kuti mkaka waufa ufuna madzi owiritsa, makala owiritsira madziwo, sopo wotsukira botolo, ndi chitini china chikatha choyambacho, zinthu zimene mayi wodikira thandizo la bungwe la WFP sangazilote. Ndi kuti mathero a mphatso yotere kawirikawiri ndi kutsegula m'mimba. Alipo makanda amasiye ndi ena amene mkaka wotere ungawapulumutse, koma oweruza zimenezo ndi a chipatala, amene amadziwa mwana ndi dzina lake. Akadafunsa amayi a pamjigo aja, akadamuuza kuti adyetse mayi, ndipo mayi adyetsa mwana: nyemba, nsinjiro, usipa, ufa wa Likuni Phala, ndi munthu wochapa matewera kuti mayiyo agoneko tulo. Koma thumba la nyemba silituluka bwino pachithunzi.

Chitinicho sindichinyoza konse ayi. Chikatha, n'kutsukidwa bwino, chimayezera mpunga mwachilungamo pa msika wa Lachiwiri.