Walira Situdiyo Walira Matope

Anthu a ku Chiromo safunika kuwamasulira mwambi woti walira mvula walira matope. Kumene Ruo amathira mu Shire, mvula imagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo koma matope ake amadzagona m'nyumba za anthu a kuchigwa, ndipo mlimi yemweyo amene mu Novembala amadandaula kuti mitambo yachedwa, mu Januwale amakhala atasenza mbuzi paphewa kufunafuna pokwera. Makolo ankanena za munthu wofuna zabwino koma wokana zimene zimatsagana nazo. Sankadziwa kuti mwambi wawo udzagwira mnyamata wokhala pa mpando wa pulasitiki, mahedifoni kumutu, akulalatira laputopu chifukwa mawu a woimba akutuluka mochedwa. Komatu ambiri mwa mavuto amene anyamata ojambula nyimbo amati ndi kufa kwa kompyuta, ndi matope a mvula imene anailira okha. Mu pulogalamu yojambulira nyimbo mulibe batani limene limapatsa munthu chinthu osamulanda china, ndipo pulojusa weniweni ndi amene wadziwa kusankha matope oti angathe kupondamo.

Mvulayo inaliridwadi, tisaiwale. Kale kujambulitsa nyimbo kunali mwayi wa anthu owerengeka. M'zaka za m'ma 1950 umayenera kudikira kuti Hugh Tracey afike m'dera lako ndi makina ake pagalimoto. MBC itayamba mu 1964, umayenera kukwera sitima ya pamtunda kupita ku Blantyre, n'kukapemphera kuti akuluakulu a kumeneko akuone kuti ndiwe woimba. Pambuyo pake ena ankalowera ku Balaka ku situdiyo ya a Paul Banda. Madzi atakokolola njanji ndi msewu pakati pa Chiromo ndi Bangula mu 1997, ulendo uliwonse wopita tsidya linalo unayamba ndi kukambirana mtengo ndi mwini bwato pa Mtayamoyo, kiyibodi ya mpingo itakutidwa mu pulasitiki. Ndiye kunabwera FL Studio, imene Image-Line ya ku Belgium inatulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ikutchedwa FruityLoops, ndi Cubase ya Steinberg ya ku Germany, ndipo situdiyo yonse inakwana m'chikwama. Lero kwaya ya ku Makhanga ikhoza kujambula nyimbo khumi osanyowa phazi. Amene amati zakale ndiye zinali bwino sanagonepo pa benchi ya pa siteshoni atakumbatira gitala.

Matope oyamba ndi kuchedwa kwa mawu, kumene anyamatawa amati latency. Kompyuta imadula mawu m'tizidutswa 44,100 pa sekondi, ndipo siitumiza kachidutswa kalikonse pakokha: imasonkhanitsa kaye gulu, lotchedwa buffer, kenako n'kutumiza ku mahedifoni. Zili ngati bwato la pa Mtayamoyo. Lalikulu silinyamuka mpaka litadzaza, choncho woyamba kukwera amadikira. Laling'ono limanyamuka nthawi yomweyo, koma wopalasa amapita n'kubwerera mosapuma mpaka nkhafi kumupulumuka. Ukaika buffer pa 1024, kudzaza kokhako kumatenga pafupifupi mamilisekondi 23, ndipo poti mawu amayenera kulowa ndi kutuluka, woimba amadzimva mochedwa kuposa apo. Amayamba kudzidikira yekha, biti n'kumusiya, pulojusa n'kumamuyang'ana ndi diso loti kodi walawa kachasu. Ukatsitsa kufika pa 128, kudikirako kumatsika kufika pafupifupi mamilisekondi atatu, koma kompyuta yokalamba imapanikizika, nyimbo n'kuyamba kuthetheka ndi kudukaduka. Palibe nambala yamatsenga yobisika pakati. Odziwa amajambula mawu pa buffer yaing'ono atazimitsa ma plugin olemera (timapulogalamu towonjezera tokonzera mawu), akamaliza n'kukweza kufika pa 1024 posakaniza, poti pamenepo palibe amene akuimba kuti asokonezeke. Amasankhanso driver ya ASIO, kaya yobwera ndi kabokosi kolumikizira maiki kapena ASIO4ALL, m'malo mwa ija ya Windows. Kusadziwa ntchito ya mphindi ziwiri imeneyi ndi kumene kwachititsa malaputopu ambiri kufufutidwa Windows osalakwa.

Matope achiwiri ndi a kwathu kuno kuchigwa, ndipo amene analemba mapulogalamuwa ku Ulaya sanawaganizireko. Mu Okutobala kutentha kuno kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Laputopu ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo pulojekiti imene imayenda bwino mbandakucha imayamba chibwibwi dzuwa likafika paliwombo. Tsegula zenera kuti kulowe mphepo: mwalowa tambala, chigayo, njinga yamoto ya kabaza ndi mayi woitana mwana wake. Tseka zenera, uyatse fani: fani yalowa mu nyimbo ngati membala wa bandi. Zimitsa fani, upachike matiresi ndi mabulangete kukhoma kuti mawu asabwererebwerere: woimba akutuluka pa vesi yachiwiri thukuta lili kamukamu, akupempha madzi ndi chikhululukiro. Mapepala oikamo mazira aja amene situdiyo iliyonse imamata kukhoma sathandiza kutsekereza phokoso lakunja. Amangosonyeza alendo kuti pano ndi pantchito. Mvula yeniyeni ikagwa pa denga la malata, ndiye basi, tsiku limenelo ndi la kusewera bawo. Ndi chifukwa chake nyimbo zabwino zambiri za m'madera otentha zimajambulidwa usiku anthu atagona, pamene mdani wotsala ndi udzudzu wa ku Elephant Marsh, umene ukadutsa pafupi ndi maiki umamveka bwino kuposa ena oimba alto.

Magetsi nawo ali ndi zawo. Akakhalapo, nthambo yosalumikizika bwino kapena chaja chachinyengo chimalowetsa kung'ung'udza kwa ma hertz 50, liwiro limene magetsi athu amayendera, ndipo mnyamata amataya tsiku lonse akufunafuna plugin yochotsa phokoso pamene akanangozula chaja, n'kumvetsera ngati phokosolo lasiya. Akathima, jenereta imabweretsa biti yakeyake, ndipo imayenera kuikidwa kutali ndi nthambo yaitali, kufupi ndi zenera la oyandikana nawo, zimene zimabala mlandu wina. Koma chopweteka kwambiri ndi batire ya laputopu imene inafa kalekale: magetsi akangophethira, maola asanu a ntchito amapita osatsanzika. FL Studio ili ndi posankha kuti izisunga yokha ntchito pakapita mphindi zingapo, ndipo Ctrl ndi S sizilipiritsa. Amene amakumbukira zimenezi ndi okhawo amene analirapo kale maliro a nyimbo.

Wina anena kuti zonsezi ndi umphawi chabe, mupatseni mnyamatayo ndalama agule zida zenizeni muone ngati matopewo sauma. Pang'ono akunena zoona: kabokosi kabwino kolumikizira maiki kamalola woimba kudzimva mwachindunji mawu asanalowe mu kompyuta, ndipo sola yokhala ndi batire yabwino imathetsa nkhondo ya jenereta. Koma chida chodula chimabwera ndi matope odula. Maiki ya condenser ija imene aliyense amailakalaka chifukwa imaoneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook imafuna mavoti 48, ndipo ukaiwala kusindikiza kabatani kake imangoti zii, mwini wake n'kuyamba kukonza ulendo wokabweza kwa wogulitsa ku Limbe. Ikayaka, imamva zonse, mpaka m'mimba mwa woimba amene sanadye nkhomaliro. M'chipinda cha malata maiki wamba ya dynamic, ya pa maliro ndi pa ukwati ija, kawirikawiri imachita bwino. Ndipo palibe ndalama imene ingakuteteze ku kusemphana kwa manambala. Mawu ojambulidwa pa 44,100 akaseweredwa ngati a 48,000 amathamanga ndi pafupifupi 9 peresenti ndi kukwera, kotero mkulu wa mpingo woimba besi amatuluka ngati mdzukulu wake. Izi zimachitika ku London ngati mmene zimachitikira ku Chiromo. Za ma plugin obedwa amene amayenda pa flashi kuchokera kwa obena nyimbo sitinena zambiri: walira zaulere walira vairasi, ndipo kudzaza ma plugin mazana atatu mu laputopu ya 4 GB n'kumadabwa kuti ikuuma ndi kudzitchera msampha wekha.

Chotsutsa china n'cholemerapo. Mwambi umenewu, ena atero, ndi umene akuluakulu amagwiritsa ntchito potseka pakamwa anthu osauka: munafuna magetsi, pirirani kuthima, munafuna kukhala m'mbali mwa mtsinje, pirirani madzi. Apa mpofunika kusiyanitsa. Pali matope obwera ndi mvula, ndipo pali matope obwera chifukwa wina sanakumbe ngalande. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthima kumene kunatsatira sikunali nkhani ya buffer. Kuti anthu akuolokabe pa bwato pamalo pamene sitima inkadutsa zaka zoposa makumi awiri zapitazo si mtengo wa chitukuko chilichonse chimene iwo analira. Zimenezo mnyamata wa situdiyo azidandaule mokweza, aziimbenso ngati akufuna. Mwambiwu ukumugwira pa zinthu zimene zili pansi pa chala chake. Ndipo kuipa kosakaniza mitundu iwiri ya matopeyi n'koti amene wazolowera kunena kuti ndi Malawi ameneyu amanenanso chimodzimodzi pamene wangokweza gain ya maiki mpaka magetsi ofiira kuyaka, mawu n'kung'ambika, chinthu chimene ESCOM siikuchidziwa n'komwe.

Matope obisika kwambiri ndi aja amene amaoneka ngati ukhondo. Auto-Tune, imene inatuluka mu 1997, inapangidwa ndi Andy Hildebrand, katswiri amene kale ankagwiritsa ntchito mafunde a mawu pothandiza kufufuza mafuta pansi pa nthaka. Ntchito ya pulogalamuyi ndi kukokera mawu a woimba pa noti yapafupi mwa manoti khumi ndi awiri a piyano, ndipo yapulumutsa anthu ambiri amene makolo akanawalangiza kuti ayese ulimi wa thonje. Koma ulimba wa Asena sunachunidwe potsata piyano. Masitepe ake asanu ndi awiri amatalikirana pafupifupi mofanana, choncho ambiri mwa iwo amagwera pakati pa manoti a piyano. Pulogalamu ikamva woimba akutsatira ulimba imaganiza kuti waphonya, n'kumuwongola mpaka kumusemphanitsa ndi chida chimene akuimbira. Zikho za pansi pa ulimba zimamatidwa dala kanthu kopyapyala kuti zizinjenjemera, monganso zitsekerero za mabotolo zimene amaika pa bangwe. Plugin yochotsa phokoso ikapeza kunjenjemerako imakusesa mwaulemu, n'kusiya chida chomveka ngati cha mu kiyibodi ya ana. Pulojusa amene wagwira ntchito usiku wonse kuyeretsa nyimbo ya likhuba kapena ya utse amadabwa m'mawa agogo ataimva n'kufunsa kuti ndi ya anthu a dziko liti. Pa nyimbo zotere Auto-Tune izimitsidwe, mizere ija ya pa sikirini imene imakakamiza ng'oma kugunda pa nthawi ya makina izimitsidwenso, maiki iikidwe patali pang'ono kuti imve gulu lonse, ndipo tambala akalira pakati pa vesi, mumufunse kaye mwini nyimbo musanamudule.