Masokosi oyera a Peugeot yanga

Ku Chiuaula kuno chinthu choyera chimakhala choyera mpaka pageti. Chikangodutsa pamenepo, mwini wake ndi katondo. Nkhuku zoyera kuno n'zofiira, mkanjo wa Lachisanu umabwerako kumzikiti utasintha mtundu cham'munsi, ndipo aphunzitsi anzeru amanyamula bata yawo m'jumbo n'kukavalira pakhomo la kalasi. Aliyense mu Lichinga muno amadziwa zimenezi. Munthu amene anaona kuti dothi lotereli likusowa galimoto ya matayala oyera m'mbali ndi ine ndekha.

Galimotoyo ndi Peugeot 404 imene anandisiyira malemu atsibweni. Iwo anaigula mu 1975 kwa Mpwitikizi wina amene ankalongedza katundu mothamanga, mzinda uno ukuvula dzina la Vila Cabral. Musaiderere. Mtundu umenewu anayamba kuupanga ku France mu 1960, ku Kenya anapitiriza kuulumikiza mpaka 1991, ndipo unapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mbiri imeneyi ndimaifotokozera aliyense amene akundithandiza kukankha, chifukwa munthu akamatuluka thukuta m'mawa wa mu June, pamtunda pano pa mamita oposa 1,300 pamene chisanu chimaluma mafupa, amayenera kudziwa kuti akukankha ngwazi.

Ili ndi timavuto take. Batire imagona msanga kuposa ine, mabuleki amafuna kuwapempha kawiri, ndipo ladiyeta imamwa madzi ambiri kuposa banja lonse. Mayi a ana ankati ndiyambe ndi zimenezo. Koma ladiyeta amaiona ndani? Ine ndinaona pakalendala ya kometera galimoto yakale itavala matayala oyera m'mbali, mtima wanga n'kutsalira pomwepo, wometa n'kundidula khutu pang'ono.

Kunyumba ndinakafika ndi sukulu. Ndinati, "Amake mwana, tayalatu linabadwa loyera." Si bodza ayi. Mphira wachilengedwe ndi wotuwa, ndipo opanga matayala oyambirira ankauthira zinc oxide, n'kuyereratu. Cha m'ma 1910 anatulukira kuti akathiramo mwaye wina wake, carbon black, tayala limalimba ndipo limachedwa kutha. Poyamba ena ankathira mwayewo poponda pansi pokha, m'mbali n'kutsala moyera. Matayala onse atada, kuyera kuja kunasanduka kwa mabwana. Kampani ya Ford inayamba kukupereka mu 1934 kwa wofuna kuwonjezera ndalama, m'zaka za m'ma 1950 ku America kunali kotakata kodzaza mbali yonse, koma pofika 1962 kunachepa n'kutsala kamzere.

Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, akusankha nyemba m'lichero. "Ndiye eni akewo anazisiya inu musanabadwe?"

Mafunso ena sayankhidwa pamaso pa ana. Ndinanyamuka ulendo wa kumsika wa Chiuaula, kwa mnyamata wina amene amamata matayala pansi pa malata anayi. Iye ndiye anandiphunzitsa kuwerenga zolemba za m'mbali mwa tayala, zimene ine ndinkaziyesa zokongoletsa. Langa limati 165 R15: mamilimita 165 m'lifupi, R kutanthauza radial, ndipo 15 ndi mainchesi a limu. Tayala lowonda chonchi pamulu wa matayala a kaunjika silipezeka, poti amene amabwera ndi otakata, a magalimoto a ku Japan. Kenako anandisonyeza timanambala ta kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Tikakhala tinayi, tiwiri toyamba ndi sabata, tinato ndi chaka. Opanga monga Michelin amati tayala likafika zaka khumi lipume, ngakhale mano ake akadalipo. Anagwada, n'kupukuta langa ndi malovu. Manambala anali atatu okha, kusonyeza kuti linapangidwa chaka cha 2000 chisanafike.

"Bambo," anatero akudzuka mwaulemu, "matayala anuwa ndi aakulu kuposa ine."

Ndinamuuza kuti ndabwera kudzafunsa za mtundu, osati za zaka. Anati oyera enieniwo mphira wake woyera amauumbira limodzi ndi tayala kufakitale, ndipo akamatuluka amakhala atawapaka zabuluu zowateteza, zimene umatsuka ndi sopo ukamaliza kumanga. Mphwanga anandipezera pafoni kampani ya Coker Tire ya ku Chattanooga, ku Tennessee, imene imagulitsa oterewa. Mtengo unali m'madola. Tinautembenuza kukhala meticais, kenako matumba a nyemba, ndipo munda wathu wa ku Chimbunila unatha tayala lachitatu lisanakwere sitima.

Apa m'pamene nzeru za kwathu zinabwera. Mlendo wamkulu akamabwera mumzinda muno, mitengo ndi miyala ya m'mbali mwa msewu imapakidwa njereza, ndipo palibe amene amadandaula. Ndinasungunula yanga m'chidebe. Madzulo amenewo Peugeot inawala, ana a oyandikana nafe n'kumaimba kuti galimoto yavala masokosi a kwaya. Mawa lake, pabampu yoyamba, masokosi onse anayi anayoyokera pansi nthawi imodzi, nkhuku n'kuthamangira poyesa ufa.

Ndinakwera giredi, n'kugula penti wa mafuta. Ameneyu anakhalitsako, koma tayala si khoma. Likamazungulira limafwamphuka n'kubwerera, ndiye penti anang'aluka mizeremizere. Posakhalitsa anayambanso kufiirira galimoto ili chiimire m'mpanda. Mnyamata wa matayala uja anati mumphira amaikamo mankhwala oletsa kung'aluka, ndipo mankhwalawo amatulukira pang'onopang'ono pamwamba n'kudetsa chilichonse chimene chili pamenepo. Choncho tayala linkadetsa penti kuchokera m'kati, katondo kuchokera kunja, awiriwa n'kukumana pakati mwamtendere.

Iye yemweyo ndiye anandiuza za mikombero ya mphira woyera imene umaipanikiza pakati pa limu ndi tayala lakuda, azungu amati portawall. Ndinawaimbira alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, n'kutumiza ndalama ya mikombero inayi. Katunduyo anayenda ulendo umene Peugeot sidzauyenda: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zóbuè, Blantyre, Mangochi, n'kudzalowa pa Chiponde ndi Mandimba. Nditamasula phukusi ndinapeza iwiri. Alamu anati randi yavuta. Alamu sutsutsana nawo, makamaka pamene mlongo wawo ndi amene amakuphikira.

Kumanga kwake ndi ntchito ya munthu wodekha. Gudumu la 404 limagwidwa ndi manati atatu okha, ndipo lakumbuyo kwanga lili ndi awiri, kotero kumasula sikunatichedwetse. Mnyamatayo anaphwetsa tayala, n'kulikankha kuti lisiyane ndi mlomo wa limu, n'kupala dzimbiri lonse. Analowetsa mlomo wa mkombero m'mpatamo, kouma, poti ukapaka sopo umadzaterereka. Anapopa mpweya pang'ono, n'kumazungulira akumenyamenya kuti ukhale pakati bwinobwino. Pamafunika hamala ya mphira. Iye anamangirira patapata kumpini wa khasu. Atakhutira m'pamene anapopa zenizeni. Anandichenjeza kuti mikomberoyi imagwirizana ndi matayala akale ouma m'mbali, pamene radial imatupa cham'munsi n'kumaipekesa, ndipo paliwiro ikhoza kuvuka. Mawu akuti liwiro anandisangalatsa kwambiri. Palibe amene anawatchulapo pafupi ndi galimoto yanga.

Funso lalikulu linali lakuti iwiriyi ipite mbali iti. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu. Mbali ya kumanja imaonedwa ndi madalaivala anzanga, anthu anjiru amene sayamika. Ya kumanzere imaonedwa ndi oyenda pansi, amayi ogulitsa mbatata ya kachewere, ndi anyamata a njinga zamoto, amene ndiwo nyuzipepala ya dera lino. Ndinasankha kumanzere. Vuto lake n'lakuti chiwongolero chili kumanja, ndiye ndisanakwere ndimayamba ndazungulira kuti ndikumbukire chimene ndinagulitsira nyemba.

Kukwerako nakonso kunachepa. Kuyambira December mpaka March kuli matope, sindingaitulutse. Mvula ikatha kuli fumbi, sindingaitulutse. Msewu wa N13 wopita ku Cuamba tsopano ndi watala wosalala, sitima nayonso inabwerera mu 2016, koma pakati pa geti langa ndi tala pali katondo wokwanira kuwononga ntchito ya Loweruka lonse. Ndimatsuka ndi sopo ndi mswachi umene poyamba unali wanga, n'kuphimba ndi chitenje chimene mayi a ana akuchifunafunabe. Kuntchito ndimapita wapansi. Petulo sindigulanso, ndipo ndawauza kunyumba kuti mikomberoyi ikudzilipira yokha.

Mwezi wathawu ankhoswe ena anabwera kudzabwereka galimoto ya ukwati. Ndinavomera, koma ndi malamulo: wojambula aziima kumanzere, mkwati azitsikira kumanzere, ndipo okankha abwere ndi suti zawo. Mpaka kutala tinafika magudumu atavala majumbo. Tinavula, tinaliza hutala, amayi analuluta. Pamtsetse wina injini inakumbukira za Safari, singano n'kufika pamene sinafikepo chimwalirire atsibweni. Ndinangoona chinthu choyera chikutipitirira kumanzere, chili chiimire, osatipatsa ndi moni womwe. Mkwati anaombera m'manja poyesa kuti zili papulogalamu.

Mkombero umenewo ulipo. Ana a kuseri kwa msika amauyendetsa ndi kamtengo, ndipo tsiku lililonse umadutsa pageti panga ukuthamanga, uli wofiira. Ndinayesa kuwapatsa masiwiti kuti andibwezere. Anati pamsewu anatola okha, ndipo wamkulu wawo anandifunsa ngati ndikugulitsa winawo.

Dzulo ndawaimbiranso alamu kuti andipezere umodzi wokha wolowa m'malo. Akuti palibe vuto, nditumize ndalama ya iwiri.