Chibale n'fupa, ngakhale kwa kachilombo ka chibayo

Mwambi woti chibale n'fupa sichiwola uli ndi nyengo zake. Umamveka wina akagula galimoto, akapeza ntchito ku Joni, kapena akatsikira kuli chete atasiya nyumba yamalata. Pamenepo amatulukira amalume amene simunawaonepo chibadwire, n'kuyamba kulongosola mzere wa makolo osaphonya dzina, mpaka kukafika pa gogo wina amene akuti anayamwa bere limodzi ndi gogo wanu. Kutsutsa simungathe, mboni zonse zili kumanda.

Anthu okhawo amene amalongosola chibale osapempha ya thiransipoti pamapeto ndi asayansi, monga a ku Wellcome Sanger Institute kufupi ndi Cambridge. Kungoti chibale chimene amalondola iwo ndi cha kachilombo kotchedwa Streptococcus pneumoniae, kamene kamayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Kamakhala phee m'mphuno mwa ana ambiri athanzi, lendi osalipira, kudikira tsiku loti thupi lifooke.

Mu 2011 asayansiwa anatulutsa kaundula wa banja limodzi la kachilomboka. Anawerenga DNA ya tizilombo 240 totengedwa mwa anthu m'mayiko 22 pakati pa 1984 ndi 2008. Banjali linadziwika koyamba ku Spain, ndipo mbiri yake ndi ya nkhutukumve: penicillin silimva, tetracycline silimva, chloramphenicol ndiye musavutike n'komwe. Zidzukulu zake zinakapezeka ku South Africa, ku America ndi ku Asia, popanda ndi mmodzi yemwe woima pamzere wa pasipoti.

Kachilomboka kamavala chofunda cha shuga, ndipo zofundazo zilipo za mitundu yoposa 90. Katemera amaphunzitsa thupi kuzindikira chofundacho. Amene anayamba kuperekedwa ku United States mu 2000 ankadziwa mitundu 7, kuphatikizapo 23F, yomwe ndi yunifolomu ya banja la ku Spain lija. Ena a m'banjamo anangovula n'kuvala 19A, imene katemerayo sankaidziwa, n'kumadutsa pamaso pa asilikali a m'thupi akuimba mluzu. Koma atafika pa makina owerenga DNA bodza linatha. "Iwe tikukudziwa, agogo ako ndi a ku Spain." Apa mwambi uja unapambana.

Nanga chofunda chachilendocho anachitenga kuti? Apa ndiye pali nkhani yochititsa manyazi. Mu 1928 Frederick Griffith ku London anabaya mbewa tizilombo tamoyo tosadwalitsa, atasakaniza ndi tina toopsa timene anali atapha kale ndi kutentha. Mbewa zinafa, ndipo m'magazi mwake munapezeka tizilombo tamoyo titavala chofunda cha akufa aja. Kachilombo kameneka kamatola DNA ya anzake omwalira n'kuisokerera m'thupi mwake. M'Chichewa chomveka, n'kulanda chuma cha masiye, maliro asanaikidwe n'komwe. Kuno ku Malawi lamulo la mu 2011 la chuma cha masiye limalanga khalidwe lotere, koma m'mphuno mulibe khoti. Ngakhale kusamva penicillin kuja n'kobera: zidutswa zake anazitola kwa aneba a m'kamwa, monga Streptococcus mitis.

Ndiye mwambi wathu ukutsimphina pang'ono. Fupalo siliwola, inde, koma ndi lazigamba. M'kaundula uja anapeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a DNA ya banjali anasinthidwapo, mwa wachibale mmodzi kapena wina, ndi katundu wotola. Asayansi amayamba achotsa zobazo, n'kuwerenga zotsala, kuti adziwe amene anabereka mnzake. Ankhoswe athu akanakhala ndi makina otere, milandu ina ikanatha nsima isanapse.

Katemera amene Malawi inayamba kupereka kwa makanda mu November 2011 amadziwa mitundu 13, ndipo 19A ilimo. Ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth akhala akupukuta m'mphuno mwa ana kuti aone mabanja amene atsala ndi amene alowa m'malo mwa othamangitsidwa. Ntchitoyo siitha, popeza malo akangopezeka wachibale wina amasamukirapo.

Ndipo amalume olemera a banjali, amene amalilipirira zonse osadandaula, ndife. Munthu wamva chimfine, chimene kawirikawiri n'cha mavairasi osamva n'komwe za amoxicillin, wathamangira pa kagolosale, wagula makapisozi anayi okulunga m'kapepala, awiri wamwa, awiri wasungira mwana. Tizilombo taulemu tomvera mankhwala tafa, a nkhutukumve atsala ndi mphuno yonse, ndiponso katundu wa omwalirawo ndi wawo. Wogulitsayo naye safunsa ngati mukutsokomola kapena mwathyoka mwendo. Funso lake ndi limodzi: "Mukufuna a zingati, bwana?"